Mpeni wanga ukukoka pulasitiki m'malo moidula, amisiri ndithandizeni

Akuluakulu a pagulu pano, ndakulonjerani. Ndine wowotcherera zitsulo kuno ku Ulongue, ku Angónia. Mayi ena omwe ali ndi nazale ya mitengo andipatsa ntchito yowapangira chida chodulira pulasitiki yakuda ija ya machubu a mbande, chifukwa sizasi yawatupitsa zala. Pulasitikiyo ndi yopyapyala, 0.1 mm basi, ndipo akufuna kumadula mapepala 20 nthawi imodzi.

Ndinasula sipuling'i ya galimoto, kuiviika mu oyilo, n'kuinola pa galayinda. Ndinatengera mmene timadulira malata, mpeni wapamwamba kutsika m'mbali mwa chitsulo chapansi. Lata ikuduka bwinobwino, koma pulasitiki ikungotanuka ngati chingamu, ikulowa pampata wa zitsulo ziwirizo, m'mphepete n'kutsala timaulusi. Dzulo ndaononga mapepala ambiri mayiwo ali chiimire pakhomo la shedi, sanalankhule kanthu koma ine manyazi anandigwira. Mvula yayandikira, mbande sizidikira munthu. Ndalakwitsa pati?

Mmisiri wa ku Moatize:
Achimwene, musavutike ndi kunola. Podula lata timasiya mpata wa 5 mpaka 10 peresenti ya kuchindikala kwake. Werengerani pa 0.1 mm, mupeza kuti mpatawo uyenera kuchepa kuposa tsitsi, ndipo ndi galayinda simungaukwanitse. Chitsulo chapansicho chichotseni. Mpeni uzitsikira pa bolodi ya pulasitiki yolimba, ngati yoyera ija yodulirapo nyama. Opanga makatoni amazika mpeni wa lamba, wochindikala 0.71 mm, m'pulayiwudi, n'kumata labala mbali zonse ziwiri. Labalayo ndi amene amayamba kupanikiza mapepala kuti asasunthe, mpeni n'kudzafika pambuyo, ndipo pokwera amawakankhanso kuti asamatirire.

Bambo a ku Zóbuè:
Yang'ananinso mtundu wa kukamwa kwa mpeniwo. Ngati kwachita buluu, galayinda yaupsereza ndipo wafewa. Mukauviika mu oyilo, muutenthetsenso pang'onopang'ono mpaka uoneke ngati udzu wouma, kenako muzinola mukuunyika m'madzi pafupipafupi. Wina akakuuzani za waya wotentha mumve bwino. Pulasitiki imeneyi imasungunuka pa madigiri pafupifupi 110, ndiye wayayo ndi wabwino pa chubu chimodzi chifukwa amadula n'kumata kunsi nthawi yomweyo. Mukaunjika 20 mutulutsa chimtolo chimodzi chomatana.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri abambo. Ndapita kukauona ndi tochi, kukamwa konse ndi kwabuluu ndithu. Bolodi yoyerayo ndiifunafuna mawa kumsika. Koma mpeni wa lambawo ndingaupeze kuti, mumzinda wa Tete, kapena ndiwolokere pa Calomue ndikafunse ku Lilongwe? Mayiwo ndawalonjeza Loweruka.