Kodi Chakudya Chodula Ndicho Chokoma?

Mayi wa ku Area 25: Abale anga, ndikufuna kukadyetsa apongozi anga amene akubwera kuchokera ku Karonga, koma ndasowa kolowera. Mwezi watha ndinalipira ndalama zambiri pamalo ena apamwamba mu Lilongwe, ndipo chambo chimene anandipatsa chinali chouma mkati, chosonyeza kuti chinakhalitsa mufiriji. Kodi mtengo wokwera umatsimikiziradi ubwino wa chakudya?

Bambo wa ku Mangochi: Pepani, mayi. Mbali yaikulu ya ndalamazo sipita kumphika, chifukwa mwini malo amawerengera lendi, msonkho, malipiro a antchito ndiponso mafuta a jenereta magetsi akazima. Kuno kunyanja nsomba yovuulidwa m'mawa imaotchedwa masana omwewo, mnofu wake uli woyera ndi wofewa, pamtengo wotsikirapo. Ine ndimayang'ana kumene anthu adzaza nthawi ya nkhomaliro, pakuti kumeneko ndiwo sizigonera.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Ndikuvomereza pang'ono chabe. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu 2023, malo ena otsika mtengo amakazingira mafuta omwewo mpaka kuda, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa. Musanakhale pansi, onani kaye posambira m'manja ndi ukhondo wa mbale.

Mayi wa ku Mzuzu: Apongozi anuwo mpunga wa Kilombero amaudziwa ndi fungo lomwe, choncho funsiranitu ngati ulipo, pamodzi ndi nkhuku ya lokolo.