Atsikana a K/DA aja ndi anthu enieni kapena makatuni?

Chaja_KamuzuRoad: Abale, ndithandizeni. Ndili ndi kashopu pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndimachaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo mu memory card. Lachitatu kunabwera kamtsikana kali mu yunifomu, nkuti, "Ankolo, mundiikireko K/DA." Ine ndimayesa ndi anyamata atsopano a ku Lilongwe. Kusaka pa YouTube, ndangoona atsikana anayi ojambulidwa. Wina ali ndi makutu a nkhandwe ndi michira mbwee kumbuyo, wina akulavula rap m'sitima, pakamwa ataphimba ndi chigoba chowala mumdima. Nyimboyo ndi POP/STARS. Kukoma kokha ikukoma, sindinama. Ndinaibwereza katatu pa sipika mpaka anyamata a kabaza omwe amadikira makasitomala pakhomo panga anayamba kugwedeza mitu. Koma akuimbayo ndani? Ndi kompyuta? Ndikufunsa chifukwa mayi ake a mwanayo timapemphera mpingo umodzi, ndipo michira ija akaiona adzabwera kwa ine.

Thoko_SengaBay: Ankolo, mtima m'malo. Mawuwo ndi a anthu enieni, nkhope zokha ndizo zojambula. Atsikanawo ndi a mu gemu ya League of Legends, ya kampani ya Riot Games ya ku America. Wa michirayo ndi Ahri, wa m'sitima ndi Akali, enawo ndi Evelynn ndi Kai'Sa. Mu POP/STARS, Ahri ndi Akali anawaimbira Miyeon ndi Soyeon, a gulu la ku South Korea lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa (G)I-DLE, nchifukwa chake mukumva Chikoreya chosakaniza ndi Chingerezi. Evelynn anali Madison Beer, Kai'Sa anali Jaira Burns. Inatuluka mu Novembala 2018 pa fainolo ya mpikisano wa dziko lonse wa gemuyi ku Incheon. Sakani vidiyo ya tsikulo: oimba enieni ali pa siteji, ndipo pa TV makatuniwo akuoneka akuvina pambali pawo. Za michira, Ahri anamutenga ku nthano za ku Korea za nkhandwe ya michira 9. Ndi nthano basi, monga ife ndi Kalulu.

Gogo_wa_ku_Linga: Ana inu mukudabwa chiyani? Kuno ku Nkhotakota chilombo chikatuluka kudambwe, amene ali m'bwalo amavinira chilombocho, safunsa kuti ndi ndani. Kusiyana kwake nkoti awa a ku Koreawa amachita kulengeza okha maina. Kwathu ungalipe mbuzi.

Madalitso265: Agogo, pamenepo mwaseketsa, koma Gule sagulitsa malaya. Awa ndi malonda. Gemuyo kusewera ndi ulere, ndalama amapangira pa zovala za anthu a mu gemumo, zomwe amati ma skin. Ukaikonda nyimbo, umafuna Akali wako avale jekete ndi kapu ya mu vidiyo ija, ndiye ukhetse kenakake. Ndipo mawu amasintha, nkhope osasintha: mu 2020 atatulutsa All Out, momwe muli The Baddest ndi More, nyimbo zina anaimba anthu ena, monga a gulu la TWICE, koma dzina likadali K/DA. Woimba atha kuchoka, gulu osagwa. Dzinalonso ndi la mu gemu, chiwerengero cha omwe wapha, kangati wafa, ndi kangati wathandiza mnzako kupha. Ine ndinayesa Wild Rift, League of Legends ya pa foni ija. Bandulo inatha ndisanamalize nkudawuniloda komwe.

Chaja_KamuzuRoad: Zikomo nonse. Mayi aja anabweradi dzulo, koma kudzachajitsa foni. Ndinawaonetsa vidiyo ya ku Incheon kuti aone anthu enieniwo. Anayang'ana mpaka kumapeto, nkungoti, "Michirayo ilibe kanthu, koma masiketiwo afupika." Za dzina lija la kuphana sindinawauze. Thoko, More ija ndiipeze ya ma MB angati? Mwana uja akubweranso Loweruka ndi anzake awiri.