Intakomu yakale m'nyumba ya malemu bambo: ndikonzetse kapena ndiizule?

Mwana wa Kalaliki:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa zamagetsi. Nyumba imene malemu bambo anatisiyira kufupi ndi boma la Thyolo ndi yakale, ija ankakhalamo mabwana a kuminda ya tiyi. Muli intakomu ya Aiphone, makina olankhulirana anthu ali m'zipinda zosiyana. Bokosi lalikulu lili pakhoma la m'khitchini, ting'onoting'ono tili kuchipinda kwa amayi, pakhonde ndi pageti. Inasiya kulankhula kalekale, ukaiyatsa imangoti huuu ngati njuchi mumng'oma. Tsopano amayi akalamba, miyendo ikukana, amaswera kuchipinda. Akaitana, wa kukhitchini samva chifukwa khitchiniyo ili kumapeto kwenikweni kwa khonde. Mmisiri wina wa ku Limbe wati K180,000 zonse pamodzi ndi waya watsopano. Kodi ndalama imeneyi ndiipereke, kapena ndigule china chamakono?

Bambo a Tadala:
Achimwene, musapereke ndalama patsogolo. Ndikubwereza, musapereke. Chaka chatha mnyamata wina anafika kwathu ku Bvumbwe atanyamula chikwama cha zida, kalankhulidwe ngati injiniya. Ndinamupatsa wailesi ya Nzeru ya malemu agogo anga kuti akakonze, ndi K40,000 yogulira zipangizo. Anati Lachitatu abweretsa. Lachitatu lake mpaka lero. Ndalama sindikuidandaula kwambiri, koma wailesi ija ndi imene agogo ankamvera uthenga wa maliro madzulo aliwonse. Ndikaiganiza mtima umawawa. Anthu awa akaona chinthu chakale amadziwa kuti mwiniwake ali nacho chikondi, ndiye amabera pomwepo.

Wa ku Joni:
K180,000 pa chinthu cha nthawi ya atsamunda? Madala, dziko linapita patsogolo. Ine kwanga ku Luchenza ndinaika ya kamera, ndinagula ku Johannesburg R2,500. Munthu akadina pageti ndimamuona pafoni ngakhale ndili ku Joni komweko. Mlonda wanga sagonanso masiku ano, amadziwa kuti bwana akuona.

NaPhiri:
Afunsa za amayi awo, inu mukutiuza za mlonda wanu.

Wa ku Joni:
Ndikungothandiza, achemwali. Chabwino chimaoneka.

Mayi a ku Chitakale:
Bwanji osangogula belu lopanda waya lija? Batani mumaika pafupi ndi bedi la amayi, cholira mumalumikiza pasoketi kukhitchini. Ine ndinagula K12,000 ku Limbe apongozi anga atadwala. Basi nkhani yatha, K168,000 yotsalayo muwagulire amayi mankhwala ndi bulangeti, June akubwera uyu ndi chiperoni chake.

Kabaza Original:
K12,000 inali liti mayi? Kwacha isanagwe mu November 2023 mwina. Pano belu lomwelo ndi K35,000, ndinafunsa sabata yatha.

Mayi a ku Chitakale:
Munafunsa musitolo ya magalasi. Lowani mumsika.

Kabaza Original:
Za mumsikazo zimalira masiku atatu, kenako zii.

Mwana wa Kalaliki:
Zikomo mayi, belu tinayesa kale. Vuto lake limangolira, siliyankha. Amayi akadina samadziwa ngati wina wamva kapena ayi, ndiye amadina, kudina, mpaka kuyesa kudzuka okha. Tsiku lina tinawapeza atagwira chitseko akunjenjemera. Chimene iwo amafuna ndi kumva mawu a munthu akuti "ndamva amayi, ndikubwera, ndiphule kaye phala." Akamva zimenezo amakhala phee. Foni tinawagulira koma maso saona bwino manambala, ndipo imasowa m'zofunda tsiku lililonse.

Mmisiri wa pa Chitakale:
Bambo, ndiyankhe ngati munthu amene ndagwira mabokosi oterewa m'nyumba zakale za ku Mulanje kuno. Choyamba, phokoso la huuu lija ndi uthenga wabwino. Likutanthauza kuti magetsi akulowa ndipo sipika ili moyo. Kawirikawiri olakwa amakhala makapasita, aja ooneka ngati timigolo. Mkati mwake muli timadzi, ndipo pakapita zaka zambiri timauma. Akauma amalephera kusalaza magetsi ochokera ku thiransifoma, ndiye kung'ung'uza kwa magetsi a pakhoma kumamveka musipika. Kusintha makapasita si ntchito ya K180,000. Zipangizo zake ndi zotchipa, chodula ndi dzanja lodziwa kuwotcherera osapsereza bolodi.

Chachiwiri ndi mabatani. Kuno kwathu chinyezi n'chambiri, mkati mwa batani mumachita dzimbiri lobiriwira. Pali mankhwala opopera otsukira zimenezi. Nthawi zina ukangotsuka, chinthu chimayamba kulankhula pomwepo.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ndalama imathera, ndi waya. Ngati unadutsa musiling'i, makoswe anaulawa kale. Ngati wa pageti unadutsa pansi, chiswe ndi madzi zinachita zake. Koma musavomere kuti munthu asinthe waya yense asanayeze. Atenge mita yoyezera waya, amasule waya mbali zonse ziwiri, apotere nsonga ziwiri pamodzi mbali imodzi, ayeze mbali inayo. Mita ikalira, wayayo ndi wamoyo. Ntchito ya mphindi khumi pa chipinda chimodzi. Amene wakuuzani mtengoyo anakwera musiling'i, kapena anangoyang'ana nyumba n'kuona kukula kwake?

Mwana wa Kalaliki:
Sanakwere. Anangotsegula bokosi la kukhitchini n'kupukusa mutu.

Bambo a Tadala:
Mwaona? Kupukusa mutu kumeneko ndimakudziwa. Wanga uja anapukusanso chimodzimodzi.

Aphunzitsi Opuma:
Ndichenjeze pang'ono. Zinthu zakale zoterezi zambiri zinali za ku America ndipo zimafuna magetsi a 110. Athu ndi 230. Mukalumikiza mwachisawawa mudzaona utsi. Ndikukumbukira nyumba ina ya amishoni inali nayo yokhala ndi wailesi momwemo, nyimbo zimamveka zipinda zonse.

Mmisiri wa pa Chitakale:
Aphunzitsi, imene mukukumbukirayo mwina ndi NuTone, imeneyo ndiye ya ku America ndipo zambiri zinkabwera ndi wailesi. Aiphone ndi ya ku Japan, kampani yake ili ku Nagoya. Zamtundu wodina batani polankhula zija zambiri zimayendera 12V, zimakhala ndi kabokosi kake kotsitsa magetsi kobisika penapake, mwina kuseri kwa kabati kapena musiling'i. Bambo awerenge zimene zalembedwa pakabokosiko asanachite chilichonse. Ngati ndi 12V, ubwino wake ndi wakuti mutha kuilumikiza ku batire la sola, magetsi akazima amayi n'kumaitanabe.

Aphunzitsi Opuma:
Japan nayonso magetsi ake si ngati athu, ndi 100. Ndinaphunzitsa sayansi zaka zambiri, mwana wanga.

Mmisiri wa pa Chitakale:
Zoona bambo, n'chifukwa chake ndati awerenge pakabokosi. Yakhala ikung'ung'uza pa magetsi athu zaka zonsezi osapsa, ndiye kuti amene anaiika anaganizira kale zimenezo.

Wa ku Joni:
Yanga ilibe mavuto onsewa. Umangoika, basi.

NaPhiri:
Nanga bandulo ikatha? Nanga netiweki ikathawa mvula ikamagwa? Agogo a zaka zimenezo aziyamba kufufuza pafoni kuti aitane mdzukulu? Achimwene, yanuyo ndi ya pageti, siyothandiza wodwala.

Wa ku Joni:
Kwanga bandulo siyitha.

Kabaza Original:
Hahaha bwana alankhula. Koma ine maganizo anga ndi ena. Gulani mawokitoki awiri, aja amagwiritsa ntchito alonda. Imodzi kwa agogo, ina m'thumba mwa wophika. Akapita kudimba kapena kuchigayo chapafupi akumvabe. K60,000 mwamaliza.

Mayi a ku Chitakale:
Mlamu wanga anagula K95,000 ndipo batire lake silifika madzulo.

Kabaza Original:
Anamudula mutu ameneyo.

Agogo a ku Limbuli:
Ana inu. Ife amayi athu atadwala tinkagona nawo chipinda chimodzi, mphasa pansi. Kunalibe mabatani. Pezani mdzukulu mmodzi azikhala nawo pafupi. Waya sangatembenuze munthu pabedi.

Mwana wa Kalaliki:
Agogo, mawu anu ndawamva ndipo ndi oona. Usiku mchemwali wanga amagona nawo. Koma masana ana ali kusukulu, ine ndili kuntchito, pakhomo pamatsala munthu mmodzi amene ayenera kuphika, kuchapa ndi kutunga madzi. Sangakhale pampando tsiku lonse. Komanso ndisabise, bokosi limenelija amayi amalidziwa. Bambo ankaweruka kuntchito madzulo, n'kudina pageti kuti "mayi a ana, ndafika, tenthetsani madzi." Dzana nditawauza kuti mwina tikonzetsa, anatambasula dzanja n'kupeza batani lija osayang'ana. Chala chawo chikukumbukira pamene lili. Chatsopano chilichonse ndiyenera kuwaphunzitsa, ndipo mawa amaiwala.

NaPhiri:
Apa ndiye konzetsani basi. Koma osati pa mtengo umenewo.

Mlimi wa Nthochi:
Pepani kulowerera. Inu a Kalaliki, nyumba zakalezo zimakhala ndi waya wakopa weniweni, wokhuthala. Mukaganiza zozula mundiuze, ndili ndi mnzanga amagula pa kilo. Komanso amene akufuna mbewu ya nthochi yopanda matenda andipeze.

Bambo a Tadala:
Ndi anthu ngati mnzanuyo amene anatimalizira mawaya m'dera lathu.

Mlimi wa Nthochi:
Amagula kwa eni ake okha, bambo, musandiike m'gulu limenelo.

Mmisiri wa pa Chitakale:
Funso limodzi kwa eni nkhani. Denga linadonthapo?

Mwana wa Kalaliki:
Linadontha kwambiri nthawi ya namondwe wa Freddy, March 2023. Malata awiri a mbali ya khonde anasasuka, siling'i inanyowa sabata yathunthu. Mbali ya kuchipinda kwa amayi sikunalowe madzi.

Mmisiri wa pa Chitakale:
Ndiye mvereni. Iwalani za pageti ndi pakhonde pakadali pano. Waya wa pageti ndi wautali, ndi umene umadya ndalama, ndiponso ndi umene umakoka mphenzi nthawi ya dzinja n'kupsereza bokosi lalikulu. Umasuleni kaye. Konzani njira imodzi yokha, khitchini ndi chipinda cha amayi. Makapasita, kutsuka mabatani, ndi waya ngati wafa. Ine ntchito yotere sindingapitirire K70,000. Dziwaninso kuti pa mitundu yambiri yakale, kabokosi ka kuchipinda sipika yake yomweyo ndiyo imamvanso mawu, ndiye ngati pepala lake linang'ambika kapena mphemvu zinadya, mawu a amayi azimveka motsika. Sipika yaing'ono yotere imapezeka m'mawailesi akufa.

Wa ku Joni:
K70,000 lero, mawa china chafa, K50,000 ina. Pomaliza mudzabwera kwa ine kudzafunsa kumene ndinagula.

Kabaza Original:
Mnzanga wa pa Luchenza angachite K30,000.

Bambo a Tadala:
Wa chikwama chakuda? Wamtali?

Kabaza Original:
Ayi bambo, uyu ndi wamfupi.

Mwana wa Kalaliki:
Ndabwerako. Madzulo ano ndinakwera musiling'i ndi mphwanga, tinabwereka mita kwa neba. Kabokosi kotsitsa magetsi kaja tinakapeza pamwamba pa khitchini, palembedwa 12V. Waya wopita kwa amayi mita yalira. Wa pakhonde wadukaduka, makoswe anamanga chisa pomwepo. Wa pageti sitinaupeze kumene unalowera. Amisiri a pa Chitakale, mungabwere ku Thyolo Loweruka? Thiransipoti ndilipira.

Mmisiri wa pa Chitakale:
Loweruka ndili ndi maliro a chaka kumudzi. Masulani bokosi la kukhitchini mubwere nalo Lolemba, koma mujambule kaye mmene mawaya alowera, ndipo muike kapepala pa waya uliwonse.

Bambo a Tadala:
Lisatuluke m'nyumba bokosi limenelo. Akonzere pomwepo inu mukuona.

Mmisiri wa pa Chitakale:
Bambo a Tadala, si tonse.

Mayi a ku Chitakale:
Ine ndikuti belu. Mwataya nthawi.

NaPhiri:
A Kalaliki, amayi mwawauza kuti mita yalira?

Mwana wa Kalaliki:
Ndawauza. Afunsa ngati ya pageti nayonso idzalankhule.