Ma slider a Lightroom sakusuntha, kodi kugula RAM kungathandize?

Wazamaukwati: Laputopu ndi ya 8GB RAM (memory imene kompyuta imagwirira ntchito), pulogalamu yokonzera zithunzi ndi Lightroom Classic ya Adobe. Ndikakoka slider (kokokera kosinthira maonekedwe a chithunzi) ya Exposure kapena Shadows chithunzi chimangoti duu, kenako n'kudzasintha mochedwa. Nthawi zina ma slider onse amachita kufuwa, osagwirika n'komwe. Ndigule RAM ifike 16GB?

Kamerayanga: Achimwene, apa pali matenda awiri. Slider ikafuwa, RAM ilibe mlandu. Onani pamwamba pa chithunzicho. Pakalembedwa kuti "The file could not be found", ndiye kuti hard drive yakunja yazuka, kapena foda munaisuntha Lightroom isakudziwa. Bwererani ku Library, gawo losanjira zithunzi, dinani kachizindikiro ka "!" kali pakona, musankhe Locate. Onaninso ngati si vidiyo, chifukwa Develop, gawo lokonzera zithunzi, siigwira mavidiyo.

Bigi_Studio: Gulani MacBook basi. Yanga slider imathamanga ngati kabaza wa ku Mchesi.

NaBanda: Bwana, munthu akufunsa za RAM, inu mukumutumiza kukagulitsa munda?

Wopsamtima: Ogulitsa m'tawuni ndi akuba. Amakugulitsa DDR3 pomwe makina ako ndi a DDR4, kamphako sikagwirizana, ukabwerera akuti zogula sizibwezedwa. Malaputopu ena RAM yake ndi yowotcherera pa bodi, malo owonjezera palibiretu. Dinani Ctrl+Shift+Esc kutsegula Task Manager, kenako Performance, Memory, muone pa "Slots used" musanatulutse kobiri.

Kamerayanga: Pa kuchedwako yambani ndi zaulere. Edit, Preferences, Performance, pa Use Graphics Processor ikani Off, muyambitsenso pulogalamuyo. Ma slider akatsitsimuka, vuto ndi driver ya graphics, katengeni yatsopano kwa NVIDIA, AMD kapena Intel. Mu Performance momwemo kwezani Camera Raw Cache, imabwera pa 5GB, iikeni pa 20GB, ikhale pa SSD, disk yothamanga kuposa hard drive wamba (HDD). Chongani "Use Smart Previews instead of Originals", koma ma Smart Preview, timakope topepuka ta zithunzi zanu, mukhale mutawapanga kale. Zikakanikabe, gwirani Shift ndi Alt potsegula Lightroom, musankhe Reset Preferences.

NaBanda: Ngati mumagwiritsa cholembera cha Wacom, chotsani "Use Windows Ink" mu Mapping. Imeneyo imagwira slider mwendo.

Zaulele265: Subscription ikatha Develop imatsekedwa, koma Library imagwirabe. Mwalipira mwezi uno? Darktable ndi RawTherapee, mapulogalamu aulere okonzera zithunzi, sizifunsa khadi la kubanki.

Bigi_Studio: $9.99 yokha ndiye yodandaula?

NaBanda: Mtengo umenewo munausiya kalekale, bwana. Pulani ya Photography ya 20GB ya $9.99 ija Adobe inaitseka kwa atsopano mu Januwale 2025, ya Photography ya 1TB inali $19.99 pamwezi nthawi imeneyo.

Zaulele265: Mwaona? Darktable.

Wopsamtima: Darktable yakoyo catalog ya Lightroom, fayilo yosunga zokonza zonse, siitsegula. Zokonza za maukwati onse ayambirenso?

Kamerayanga: Adobe yokha imati 8GB ndi poyambira, yoyenera ndi 16GB. Choncho tsegulani Task Manager uku mukukoka slider. Memory ikamadzaza kufika m'ma 90 peresenti, gulani. Ikakhala pa theka koma Disk ili pa 100, ndalamayo ipite ku SSD. Koma ma mask (okonzera mbali imodzi ya chithunzi) ambiri ndi Denoise (yochotsa timadontho pa chithunzi) ija inabwera mu 2023 zimadya graphics card, RAM singakupulumutseni pamenepo.

Wazamaukwati: Memory ili pa 71, Disk ikungokwera n'kutsika. Ndiye ndigule chiyani?

Bigi_Studio: MacBook.

NaBanda: SSD. Koma kaye, disk ili mkatimo ndi HDD kapena ndi SSD kale?