Agogo andiponyera mwambi wa mkuyu, nditani?

Mtsikana wa ku Ulongwe:
Abale ndithandizeni maganizo. Pali mnyamata akundifuna banja, amagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, kuno amabwera mwezi ukatha. Ndi waulemu, samwa, ya sopo amanditumizira pa M-Pesa ndisanapemphe nkomwe. Ndinapita naye kwa agogo ku Domwe, anamulandira bwino mpaka nkhuku inafa, koma iye atangotuluka agogo anati "mdzukulu wanga, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere" basi nkupitiriza kusenda mbatatesi zawo. Chichokereni kumeneko tulo sindikutiona. Kodi mtima wa munthu ungaudziwe bwanji usanalowe naye m'nyumba?

Bambo wa ku Tsangano:
Mlongo, agogowo sanakane ayi, akuti fufuzani. Kale kwa Achewa mwamuna ankadzakhala chikamwini, ankalima munda wa apongozi, mudzi wonse unkamuona m'mawa ndi madzulo, nde waulesi kapena wankhanza sankabisala nthawi yaitali. Lero munthu mukumuona masiku awiri pa mwezi, atasamba, atavala bwino, malipiro ali m'thumba, ndani sangakome pamenepo? Tumani amalume anu akaone kwawo, akamve momwe amakhalira ndi mayi ake ndi alongo ake. Ntchito ya ankhoswe imayambira pomwepo. Safunsa anadya phula.

Mayi wa ku Matundo, Tete:
Miyambi ndimailemekeza koma ina yatipweteka akazife, ndinene zoona. Achemwali anga ankamenyedwa, akathawira kumudzi ankawabweza amvekere banja ndi kupirira, wokwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima, mpaka anachoka ndi dzino loguluka. Nde mwana wanga mwambi wa agogowo ugwire pano usanalowe, chifukwa ukalowa miyambi yomwe adzakuuze ndi yokuletsa kutuluka. Umuone akakwiya, akakangana ndi kondakitala wa shapa pa nkhani ya chenji amayankhula bwanji? Akakhala kuti ndalama zamuthera nkhope imakhala yotani? Ndipo ku Moatize ukafikeko osamuuza, ife tili pafupi timaona, ena ali ndi nyumba ziwiri.

Mnyamata wa ku Furancungo:
Amayi mwanena zomveka koma tisamuweruze munthu tisanamupeze ndi mlandu. Si onse a kumigodi ali choncho, ena akuvutika ndi fumbi lija usiku ndi usana kuti amange tsogolo ndi mkazi mmodzi. Munthu wopanda nyerere ndi mmodzi yemwe kulibe achemwali, walira mvula walira matope. Chofunika nkudziwa kuti chilema chakecho ndi chotani, kuuma mutu mutha kukhala nako, koma bodza ndi dzanja ayi.

Mtsikana wa ku Ulongwe:
Zikomo nonse. Zopita ku Moatize mobisa mtima wanga ukukana, ndimuuza poyera kuti ndikufuna kudzaona komwe amakhala ndimve ayankha chani. Amalume ndiwapeza Loweruka akabwera kumsika.