Zatha bwanji za wa lendi uja ku Kasungu

Zikomo nonse munayankha funso langa la wa lendi amene anadumpha miyezi itatu osalipira. Ena munati ndizule chitseko kapena ndimudulire magetsi. Ayi ndithu, mlandu ukanatembenukira ine. Ndinatsata aja anati zonse zikhale pa pepala.

Ndinalemba notisi ya mwezi umodzi yotchula ngongole ya mwezi uliwonse, makope awiri, iye n'kusayina pamaso pa amfumu a m'dera. Ndinaikamonso kuti akakana tikaonana kubwalo la majisitireti. Sizinafike uko. Analipira miyezi iwiri atagulitsa fodya ku Chinkhoma, wachitatu ndinadula pa dipoziti, ndipo anatuluka mwaulemu.

Chinandipweteka ndi bilu ya madzi. Akaunti ya ku Water Board ili m'dzina langa, ngongole yake inatsalira ine. Muziona lisiti mwezi ndi mwezi, ndipo muziwerenga mita limodzi tsiku lolowa ndi lotuluka.

Ndalama yomwe ndimafuna kumangira nyumba ina ndayamba ndaikira mita ya ESCOM ya mayunitsi pakhomo lililonse. Wa lendi amene amadalira fodya, pangananani kuti azilipiriratu miyezi ingapo msika ukatsegulidwa.