Womasulira akaphonya, wolemba rekodi ya khothi alembe chiyani?

Nabanda_25:
Akuluakulu odziwa ntchito yolemba rekodi ku Khothi Lalikulu kuno ku Lilongwe, thandizeni. Mboni yayankhula Chichewa, womasulira wapotoza m'Chingerezi, wolemba rekodi wamva bwinobwino kuti zasiyana. Akonze yekha potayipa? Nanga loya akamutsatira panja kuti amupatseko kope la rekodiyo msanga?

Phiri wa ku Kawale:
Ayi achemwali, asakonze. Chiyankhulo cha khothi ndi Chingerezi, ndiye cholowa mu rekodi ndi chomwe womasulira wanena. Tinene kuti mboni yati inamuona woimbidwa mlanduyo dzana, womasulira n'kuti dzulo. Jaji ndi maloya amva dzulo, ndipo mafunso otsatira atsamira pomwepo. Mukakonza mwakachetechete, rekodi sigwirizananso ndi zomwe zinamveka m'khothi, ndipo mlandu ukapita ku apilo ku Blantyre, majaji a kumeneko sakaonanso mboniyo. Amawerenga zomwe mwalemba basi.

Chochita ndi ichi: lembani ola ndi mphindi pa pepala lanu lolondolera, mumupatse kalaliki kakalata kopita kwa jaji, kapena dikirani khothi likapumira. Jaji yekha ndiye angalamule kuti mawu ojambulidwa m'khothi amvetseredwenso kapena mboni ifunsidwenso. Osadzuka n'kuyamba kutsutsana ndi womasulira pagulu.

MaiGondwe:
Ndiwonjezere pa za aPhiri. Zonsezi zimatheka ngati mawu anajambulika bwino. Khothi lisanayambe yesani maikolofoni iliyonse, makamaka ya m'bokosi la mboni, chifukwa anthu ambiri akaima mmenemo amayankhulira pansi. Kachojambulira kena ka mabatire kazikhala koyatsa pambali, magetsi akathima musataye umboni. Pomwe sipakumveka lembani kuti sipakumveka, muike nthawi yake. Kuganizira kuti mwina anati chakuti ndiye kuipitsa rekodi. Mboni ikagwedeza mutu makina sajambula, pamafunika jaji aiuze kuti iyankhe ndi pakamwa. Fayilo iliyonse ikhale ndi nambala ya mlandu ndi tsiku, isungidwe pawiri tsiku lomwelo, koma osati m'foni yanu.

Che Mdala 47:
Za loyazo zilibe zokambirana. Kope limapemphedwa ku registry, ofesi ya khothi yosunga mafayilo a milandu, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi ufulu wofanana. Kupatsako mmodzi madzulo pa WhatsApp n'kukondera, angakhale asanapereke ya fanta. Atolankhani nawo chimodzimodzi. Pa milandu ya ana ndiye samalani kwambiri, lamulo la 2010 loteteza ana silifuna dzina la mwana lituluke kunja.

China chomwe anthu amachipeputsa: Lilongwe ndi yaing'ono, tonse timakumana kumaliro ndi kutchalitchi. Mukaona pa mndandanda wa milandu dzina la mlamu wanu kapena la alandilodi, uzani akulu a ntchito mlandu usanayambe, aikepo wina. Ndipo musasaine kuti kope ndi loona musanaliwerenge lonse mukumvetsera mawu ojambulidwawo, makamaka mayina, masiku ndi ndalama.